Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zofalitsa Nkhani: Masulani MBC Chisankho Chikadali Kutali

Olemekezeka a Nduna,

Ndakulemberani poyera chifukwa nkhani ndabwera nayoyi ndi ya aliyense amene amakhoma msonkho m'dziko muno, kuyambira mayi wogula sopo pagolosale mpaka mwini kampani ku Kanengo. Ndalama zawo ndi zimene zimalipira antchito a Malawi Broadcasting Corporation, kugula mafuta a galimoto zake ndi kuyatsa makina ake. Pempho langa ndi limodzi. Pitani ku Nyumba ya Malamulo ndi bilu yochotsa MBC m'manja mwa pulezidenti ndi chipani cholamula, ndipo chitani zimenezi panopa, chisankho cha 2030 chikadali kutali. Kampeni ikadzayamba kununkhira, m'boma simudzapezeka munthu wolimba mtima woti n'kutaya chida chimene akuganiza kuti chimusunga pampando.

Ululu wake inu mukuudziwa, chifukwa chipani chanu changochoka kumene kumbali yotsutsa. Kwa zaka zisanu munkadandaula kuti wailesi ya fuko lonse yasanduka ya chipani chimodzi, ndipo dandaulo lanu linali loona. Koma amene munkawadandaulawo nawonso analira kulira komweko kuyambira 2014 kufika 2020, inu muli m'boma, ndipo nawonso sankanama. Asanatenge boma analonjeza kuti MBC idzakhala ya aliyense. Titamaliza chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni 2020 tinaonadi nkhope za otsutsa pa kanema wa boma, ambiri tinati mwina zasintha. Sipanapite nthawi yaitali zinabwerera mwakale. Mabwana anasintha, mtundu wa nsalu za amayi ovina unasintha, koma lamulo lopatsa pulezidenti mphamvu yosankha bodi linatsala momwe linalili, ndipo linapitiriza kubala zipatso zomwe zija.

Matendawa ndi akale. MBC inayamba mu 1964, chaka chimene tinalandira ufulu, ndipo kwa zaka 30 inali pakamwa pa Ngwazi ndi chipani cha MCP. Wailesi ina m'dziko muno munalibe, kanema kunalibe. Munthu akafuna kumva zimene zikuchitika m'dziko lake lomwe, ankatchera mawailesi akunja usiku, atachepetsa mawu kuopa khutu la woyandikana naye. Titavota pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 n'kusankha zipani zambiri, tinalemba malamulo abwino. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko limateteza ufulu wolankhula, gawo 36 ufulu wa atolankhani, gawo 37 ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga. Lamulo la zisankho la 1993 linanena mosapsatira kuti chipani chilichonse chili ndi ufulu woti uthenga wake wa kampeni umveke pa MBC, ndi kuti wailesiyo isakondere mbali.

Koma pofika chisankho cha 1999 anthu anachita kukasuma kuti MBC imvere lamulolo, ndipo khoti lalikulu linagwirizana nawo kuti zipani sizinkapatsidwa mwayi wofanana. Chigamulo chinatuluka kutatsala masiku ochepa kuti anthu avote, madzi atatayika kale. Television Malawi (TVM), imene inayamba chaka chomwecho, inabadwira m'khalidwe lomwelo. M'nthawi ya Bingu wa Mutharika tinamva Makiyolobasi, pulogalamu imene ntchito yake inali kunyoza ndi kuseka atsogoleri otsutsa, ndalama zoyendetsera zikuchokera m'matumba a anthu omwe ankawavotera atsogoleriwo. Aphungu otsutsa, amene nthawi imeneyo anali ochuluka m'Nyumba, anabwezera pomana MBC ndi TVM ndalama za mu bajeti, mpaka kufika pozipatsa K1 yokha. Chilangocho chinagwera antchito wamba ndi ana awo. Kukondera sikunathe, chifukwa wailesi yopanda ndalama imadalira kwambiri chifundo cha amene ali ndi ndalamazo. Oyang'anira zisankho ochokera ku European Union akhala akulemba dandaulo lomweli m'malipoti awo chisankho ndi chisankho, ndipo malipotiwo ali m'maofesi a boma.

Wina amene sanakhalepo pansi kuonera nkhani za madzulo m'nyengo ya kampeni angaganize kuti ndikukokomeza, ndiye ndifotokoze mmene zimakhalira, kaya m'boma muli chipani chiti. Nkhani yoyamba, pulezidenti watsegulira msewu kapena wayendera ntchito za chitukuko. Amautcha ulendo wa boma, koma amene adzaza kutsogolo avala nsalu za chipani, ndipo mwini wake asanaimirire, akuluakulu a chipani m'chigawo amayamba alankhula kaye, kupeputsa opikisana naye mmodzimmodzi. Msonkhano womwewo unaulutsidwa kale masana wonse wathunthu. Nkhani yachiwiri, mafumu a m'boma lakuti agwirizana kuti anthu awo adzavotera pulezidenti, kamera ikuyenda pankhope za mafumu okalamba atakhala pamzere padzuwa, anthu oyenera ulemu amene akugwiritsidwa ntchito ngati zokongoletsa. Kenako abusa ena ayamikira utsogoleri. Kenako gulu la anthu latuluka chipani chotsutsa, likuvula malaya akale n'kuvala atsopano pamaso pa kamera. Mtsogoleri wotsutsa amatchulidwa chipani chake chikagawanika, kapena pamene mneneri wa boma akumuyankha pa mawu amene womvera sanapatsidwe mwayi wowamva. Nkhani zikatha pamabwera akatswiri kudzakambirana, onse a maganizo amodzi.

Zinafika poipa mu Meyi 2020, pamene kanema wa MBC anaonetsa pa nkhani za madzulo mawu otukwana malemu Saulos Chilima, amene pa nthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti, atawatenga pa Facebook. Makolo anali pabalaza ndi ana awo. MBC inapepesa, koma funso lenileni silinayankhidwe: zinatheka bwanji kuti mawu otere adutse m'manja mwa mtolankhani, mkonzi ndi woulutsa, popanda mmodzi wonena kuti ayi? Zinatheka chifukwa m'nyumba imene aliyense akudziwa kuti mkate wake uli m'manja mwa chipani, kunyoza mdani wa bwana kumaoneka ngati khama pantchito. Izi zinachitika chipani chanu chili m'boma, a Nduna, ndipo ndazitchula dala kuti mudziwe kuti sindikuloza chala mbali imodzi.

Mwina mungafunse chifukwa chimene ndikulimbanirana ndi wailesi imodzi pamene lero mawailesi ndi ambirimbiri. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa anthu 100 alionse m'Malawi amakhala kumudzi. Nyuzipepala sifika kumeneko, ndipo ikafika mtengo wake ndi wa ndiwo za tsiku lonse. Zambiri zimalembedwa m'Chingerezi, Chichewa n'kungopatsidwa masamba ochepa a kumapeto kwa sabata. Chimene chimalankhula ndi mlimi wa ku Nthalire, wa ku Makanjira kapena wa ku Marka ndi wailesi. MBC imawerenga nkhani m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilhomwe, m'Chisena, m'Chitonga ndi m'Chinkhonde. Chimenechi ndi chuma chachikulu cha fuko, ndipo n'chifukwa chake zimandipweteka kuona chikuonongedwa. Gogo amene samva Chingerezi, amene nkhani za dziko amazimvera m'chiyankhulo cha makolo ake kwa mphindi zochepa patsiku, ndiye amene akumanidwa mwayi womva onse ofuna voti yake.

Ndikudziwa yankho limene a m'boma amakonda kupereka: nanga nyuzipepala ndi mawailesi omwe si aboma sakondera? Ena amakondera, sindikana. Mbiri ya nyuzipepala zathu inalukana ndi ndale kuyambira pachiyambi. Malawi News inayamba mu 1959 ngati nyuzipepala ya chipani cha MCP, ndipo pambuyo pake iyo ndi Daily Times zinakhala pansi pa kampani ya Kamuzu Banda. The Nation inayambitsidwa mu 1993 ndi Aleke Banda, amene anali mmodzi wa akuluakulu a UDF n'kudzakhala nduna. M'zaka za 1993 ndi 1994 timanyuzipepala tinaphuka tambirimbiri m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe, tambiri tili ndi wandale kumbuyo, ndipo tambiri tinafa chisankho chitangotha. Joy Radio aliyense amadziwa kuti ndi ya banja la a Muluzi. Nyumba zina mwa izi zinakula n'kuima pazokha, ndipo atolankhani ake aulula katangale wa maboma onse mosaopa. Koma kunena kuti m'nyumba zimenezi mulibe zokonda za eni ake kungakhale kunama.

Pali mayiko amene nyuzipepala zimachita kunena poyera kuti ife tikufuna uyu. Ku America umenewu ndi mwambo wakale: akonzi amalemba pa tsamba la maganizo a nyuzipepala dzina la amene akumuona woyenera, ndi zifukwa zake. Mwambowu ndi wozika mizu moti mu Okutobala 2024, pamene Washington Post inalengeza kuti sitchula aliyense pa mpikisano wa Kamala Harris ndi Donald Trump, anthu oposa 200,000 anasiya kuilipira m'masiku ochepa, pokhulupirira kuti mwini wake, Jeff Bezos, waopa kukhumudwitsa wandale. Ku Los Angeles Times mwini wake analetsanso akonzi kutchula munthu, ndipo ena mwa akonziwo anatula pansi udindo. Ku Britain nyuzipepala zimasankha chipani poyera, koma lamulo limakakamiza mawailesi ndi makanema kuti asakondere. Kwathu kuno nyuzipepala zazikulu sizichita mwambo umenewu, ndipo ine sindikuziuza kuti ziyambe. Koma maganizo anga ndi akuti nyuzipepala imene yanena poyera mbali yake pa tsamba la maganizo, n'kusiya masamba a nkhani ali oyera, yamulemekeza wowerenga kuposa imene ikulumbira kuti ilibe mbali koma mitu ya nkhani zake ikupendekera kumodzi tsiku ndi tsiku.

Kusiyana kwake ndi MBC n'koonekeratu. Nyuzipepala ikandinyansa ndimasiya kugula, ngati mmene anachitira owerenga a ku Washington aja. Wailesi ya munthu ikandikwiyitsa ndimapotokola n'kupita kwina, ndipo mwini wake ndiye amataya otsatsa malonda. Msonkho sindingasiye kukhoma. Wotsatira chipani chotsutsa amalipira ndi thukuta lake wailesi imene ikutukwana mtsogoleri wake. Kukondera kwa wailesi ya munthu sikungakhale chilolezo choti ya boma nayonso izikondera mbali inayo kuti zifanane. Boma si chipani, ndipo kwa boma nzika zonse ndi zake.

Kunena zoona, gawo lina la kukondera kwa nyumba zomwe si zaboma limachokera ku boma komweko. Boma ndi makampani ake ndi amene amatsatsa malonda ambiri m'nyuzipepala, ndipo mkonzi aliyense amadziwa zimenezi akamasankha mutu wa tsamba loyamba. Mu 2010 boma linaletsa maunduna ake kutsatsa malonda m'nyuzipepala za Nation chifukwa chosakondwa ndi zimene zinkalembedwa. Anzathu a ku Zambia anaona zoposa apa. Nyuzipepala ya The Post, imene inaima poyera kumbuyo kwa Michael Sata pa chisankho cha 2011, itasemphana ndi boma la Edgar Lungu inatsekedwa ndi bungwe lotolera misonkho mu Juni 2016, kutatsala milungu yochepa kuti anthu avote mu Ogasiti. Ngongole ya msonkho inalipo, koma nthawi imene anasankha kuitseka inauza mkonzi aliyense m'dzikomo chimene chingamuonekere. Palinso chipondamthengo, kaenvulopu kamene mtolankhani amalandira msonkhano wa atolankhani ukatha. Mnyamata amene malipiro ake sakwana lendi, akapatsidwa thiransipoti ndi chakudya ndi wandale amene akukamulemba, cholembera chake chimalemera. Limeneli ndi tchimo la eni nyumba zofalitsa nkhani ndi andale pamodzi, ndipo mabungwe oona za utolankhani a Media Council of Malawi ndi MISA Malawi ali ndi ntchito yawo pamenepo. Koma ndondomeko yoonekera yogawira malonda a boma, yotengera kuchuluka kwa owerenga ndi omvera osati kukoma kwa nkhani, ili m'manja mwanu.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi, nkhani ya mabodza. Masiku a chisankho chapitachi foni yanga sinkapuma. Pa gulu la WhatsApp la banja lathu pankagwa mauthenga a mawu usiku ndi usana. Mawu a bambo wina wosatchula dzina, wolankhula monong'ona, akuti ali mkati mwenimweni ndipo waona ndi maso ake mabokosi odzaza kale akutsitsidwa m'lole. Wina akuti cholembera chimene akupereka kumalo ovotera inki yake imafufutika pakapita ola. Kunabwera chikalata chokhala ndi chidindo chooneka ngati cha boma, Chingerezi chake chopunduka, koma ndani kumudzi angaime n'kuyamba kuunika kalembedwe? Azakhali anga, mayi wopemphera amene sananamizepo munthu, anatumiza uthenga umodzi wotere kwa abale onse, pansi pake atalemba kuti tumizirani ena asanafufute. Nditawaimbira n'kuwauza kuti nkhaniyo ndi yabodza, ndipo akuluakulu aitsutsa pa wailesi, anandiyankha modekha kuti: "Nanga a boma angavomere? Akatsutsa ndiye kuti n'zoona."

Yankho limenelo muliganizire, a Nduna. Azakhali anga si mbuli. Aphunzira kwa zaka zambiri kuti chimene chanenedwa ndi pakamwa pa boma m'nyengo ya kampeni chimanenedwa pofuna voti, ndipo atengapo phunziro lomveka. Tsiku limene boma likunena zoona, palibe womvera. Dziko lililonse limafunika malo amodzi amene wa DPP, wa MCP, wa UTM ndi wa UDF angatcherepo khutu mphekesera ikabuka, onse n'kuvomereza kuti apa ndiye tamva chenicheni. Malo amenewo anayenera kukhala MBC. Tinawagulitsa posinthanitsa ndi maola oulutsa misonkhano ya chipani, ndipo pamene panatsala pululu palowa munthu wonong'ona wa pa WhatsApp uja.

Mphekesera kwathu kuno zimapha. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inayamba ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ena m'deralo. Boma linatsutsa, apolisi anatsutsa, koma anthu anakhulupirira mnzawo wa pamsika. Ngati zinatero pa nkhani yopopa magazi, nanga pa nkhani ya mavoti, m'dziko limene linaonadi tipeksi pa mapepala a zotsatira mu 2019, mpaka khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 Febuluwale 2020? Munthu amene anaberedwapo sachedwa kukhulupirira kuti akuberedwanso.

Lamulo limapatsa bungwe loyendetsa zisankho la MEC masiku asanu ndi atatu kuti ilengeze zotsatira za pulezidenti. Tinavota pa 16 Sepitembala 2025, zotsatira zinatuluka pa 24. Masiku a pakatiwo ndi amene bodza limaswana kwambiri, ndipo tinaona zipani ziwiri zazikulu chilichonse chikuuza otsatira ake kuti chapambana. M'masiku omwewo nyumba zoulutsira mawu zingapo zimene zinkaonetsa ziwerengero zochokera kumalo owerengera mavoti zinasiya mwadzidzidzi, popanda kufotokozera anthu bwinobwino, ndipo MISA Malawi inadandaula poyera. Kusiyako sikunatontholetse aliyense. Aliyense anayamba kudzipangira chifukwa chake, ndipo ziwerengero zopeka zinayenda m'mafoni mopanda wozitsutsa. Tithokoze kuti a Lazarus Chakwera anavomera kugonja MEC isanalengeze, dziko n'kukhala bata. Sitingamange mtendere wa dziko pa chiyembekezo choti wogonja aliyense adzachita chimodzimodzi.

Mankhwala amene maboma athu amathamangira ndi kutseka pakamwa. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi, inaletsa mawailesi kuulutsa zimene zinkachitika m'misewu. Mu Juni 2019, dziko likuwira ndi nkhani ya chisankho, inaimitsa mapulogalamu oimba foni, mpaka nyumba zoulutsira mawu zinathamangira kukhoti. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lamangitsa anthu chifukwa cha zimene analemba pa masamba a mchezo. Mu Epulo 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe n'kumulanda foni ndi kompyuta, pofuna kudziwa amene anamupatsa chikalata cha nkhani ya katangale. Njira zimenezi sizinachepetse bodza ngakhale pang'ono. Wopeka uthenga wa mawu alibe dzina, alibe ofesi, sapezeka. Amene amapezeka ndi mtolankhani amene wasaina dzina lake pansi pa nkhani, ndiye kuti ndodo imagwera munthu yemweyo amene akanatithandiza kusiyanitsa zoona ndi zonama. Ndipo munthu akamangidwa chifukwa cha mawu, anthu amati ananena zoona n'chifukwa chake amugwira. Bodza limagonja pamene nkhani yoona yatuluka msanga, kuchokera pakamwa pamene anthu amapakhulupirira. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Maofesi a boma atamayankha mafunso m'nthawi imene lamulolo limanena, theka la mphekesera likanafera m'njira.

Ngati zonsezi sizikukukhudzani, taonani mbali ya phindu la chipani. Mu 2014 a Joyce Banda anali ndi MBC, anathera pa nambala yachitatu. Mu 2020 a Peter Mutharika anali ndi MBC, a Chakwera anapambana ndi mavoti oposa 58 pa 100 alionse. Mu 2025 a Chakwera anali ndi MBC, anapeza mavoti 33 pa 100 alionse pamene a Mutharika anapeza pafupifupi 57. Katatu konse wokhala pampando anagwa wailesi ili m'manja. Munthu amene wagona pamzere wa mafuta, amene thumba la chimanga ndi la feteleza lamukanika, simungamuuze pa kanema kuti zinthu zili bwino iye n'kuvomera. Chimene kukonderako kumachita n'kunamiza wolamulayo. Amaonera misonkhano yake yodzaza madzulo alionse, amamva mafumu akumulonjeza mavoti, amamva akatswiri akumuyamikira, ndipo mkwiyo wa anthu amadzaudziwa tsiku lowerenga mavoti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lina chipani chanu chidzakhalanso kumbali inayo, ndipo lamulo limene mungalembe lero ndi limene lidzakutetezeni.

Zoti zilembedwe m'bilumo si zachilendo, anzathu anayamba kale. Ku Ghana malamulo aakulu a 1992 anakhazikitsa National Media Commission, bungwe limene mamembala ake ambiri amatumizidwa ndi magulu osiyanasiyana monga atolankhani, maloya, mipingo ndi aphunzitsi, ndipo ndilo limasankha mabodi a nyumba zofalitsa nkhani za boma. Mu 1993 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula kuti wailesi ya boma ipatse chipani chotsutsa mwayi wofanana ndi cholamula. Ku South Africa ofuna kulowa mu bodi ya SABC, wailesi ya boma ya kumeneko, amafunsidwa mafunso ndi komiti ya aphungu anthu akuonera, ndipo pulezidenti amasaina maina amene Nyumba ya Malamulo yamupatsa. Njirayi siyopanda chilema. Mu 2016 SABC inaletsa kuonetsa zithunzi za zionetsero zoononga katundu chisankho cha makhansala chili pafupi, koma bungwe loyang'anira mawailesi la ICASA linailamula kuti ichotse chiletsocho, ndipo aphungu anafufuza bodi yonse. Chimene ndikusirira n'chakuti kunapezeka wina wokhala ndi mphamvu yoletsa.

Kwathu woletsayo kulibe, chifukwa bodi ya MACRA, imene iyenera kulanga MBC ikalakwa, imasankhidwa ndi dzanja lomwelo limene limasankha bodi ya MBC. Choncho kusintha Communications Act ya 2016 kukhudze mabungwe onse awiri. Mipando ya bodi ilengezedwe m'nyuzipepala, ofuna afunsidwe poyera, ndipo wokhala ndi udindo m'chipani asayandikire. Nthawi ya mamembala isathere pamodzi ndi ya boma, kuti pulezidenti watsopano asamapeze mipando yonse ili yopanda anthu. Mkulu wa MBC alembedwe ntchito ndi bodi, ndipo kumuchotsa kukhale pa zifukwa zolembedwa m'lamulo. Ndalama zake zichokere ku Nyumba ya Malamulo mwa ndondomeko ya zaka zingapo, kuti pasapezeke nduna kapena aphungu oigwira pakhosi ngati mmene zinachitikira nthawi ya K1 ija.

Pa masiku 60 a kampeni, mphindi zimene chipani chilichonse chapatsidwa ziziwerengedwa ndi kusindikizidwa sabata iliyonse, ndipo dandaulo liziweruzidwa m'masiku owerengeka, chifukwa chigamulo chobwera anthu atavota kale chilibe ntchito. Pulezidenti akapita kukatsegulira mlatho, MBC iulutse mwambo wa mlathowo. Akangoyamba kupempha mavoti, mphindi zimenezo ziwerengedwe kuti ndi za chipani chake, ndipo opikisana naye apatsidwe zofanana. Mtsutso wa ofuna upulezidenti, umene unayamba mu 2014 ndipo apulezidenti okhala pampando akhala akuuzemba, uziulutsidwa pa MBC m'ziyankhulo zonse zimene imawerengera nkhani. Wokana kubwera mpando wake uzioneka uli wopanda munthu.

Musaiwale antchito. Mu MBC muli atolankhani aluso, ena anaphunzitsa anzawo amene lero akutchuka m'mawailesi ena. Boma likasintha, ena amasamutsidwa, ena amakhalitsidwa pansi opanda chochita, ena amakwezedwa chifukwa cha nyimbo imene ankaimba. Mtolankhani amene wakana kuwerenga nkhani yonyoza munthu akhale ndi lamulo lomuteteza, ndipo amene anatumikira boma lapitalo asasakidwe ngati nyama. Kubwezera kumangophunzitsa otsalawo kuti chofunika n'kudziwa kumene mphepo ikulowera.

Ndikupemphani kuti pa mkumano wa aphungu ukubwerawu muimirire n'kunena tsiku limene biluyi idzafike m'Nyumba. Isanafike, isindikizeni m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'ziyankhulo zina, muitumize kwa MISA Malawi, Media Council of Malawi, MEC, mipingo ndi zipani zonse kuti aikepo maganizo awo, ndipo zokambiranazo ziulutsidwe pa MBC pomwepo, otsutsa ali pa tebulo. Pamene tikudikira lamulolo, pali chimene mungachite sabata ino popanda kupempha chilolezo kwa aliyense: lemberani bodi ndi akonzi a MBC kalata, muiike poyera kuti tonse tiiwerenge, yowauza kuti ofesi yanu sidzawaimbira foni pa nkhani iliyonse imene aulutsa, ndi kuti mtsogoleri wa zipani zotsutsa m'Nyumba ya Malamulo akaitanitsa atolankhani, kamera ya MBC izikhalapo.

Ine wanu,
Nzika yokhoma msonkho, Zomba